Tsiku Limene a Sajeni Anakaniza Nthungululu

Mukafika pamsika wa Mitundu n'kufunsa kuti a Jenipher ali kuti, anthu angokuyang'anani. Koma mukati mukufuna a Sajeni, ngakhale wogulitsa makala akulozerani: "Pitani kumzere wa anyezi, mukaona mayi wovala chitenje ndi majombo, ndi omwewo." Ine Shifa ndimagulitsa zitenje moyang'anizana ndi tebulo lawo, ndipo zaka zimene takhala tikuthawira mvula pansi pa pulasitiki imodzi zandipatsa ufulu wowanena. Ndi mayi wovuta. Akakupatsani moni mumaona ngati akukufunsani kumene munali dzulo. Koma ndikayamba kukumbukira zimene anawachita chilimwe chatha, mtima umandiwawa mpaka ndimadula nsalu mokhota.

A Jenipher anabadwira m'mudzi wina wa pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kumene minibasi sifika. Umatsika pa kabaza n'kumalizira wapansi. Analowa upolisi ali mtsikana, abale awo akulira kuti mkazi wogwira mfuti sakwatiwa. Anakwatiwa ndithu, ngakhale ukwatiwo sunakhalitse, ndipo eni ake amati mfutiyo inalibe mlandu. Anagwira ntchito m'maboma angapo, kenaka anasankhidwa kupita ku Darfur, m'dziko la Sudan, kukasungitsa mtendere.

Nkhani ya ku Darfur ndaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuikamba ndili m'tulo. Kumeneko, akuti, anthu othawa nkhondo ankakhala m'misasa, ndipo nkhuni zinali kutali. Mwamuna akatuluka kukatola ankaphedwa, mkazi akatuluka ankagwiriridwa, ndiye mabanja ankasankha kutuma mkazi. Ntchito ya a Jenipher inali kuperekeza amayiwo. M'mamawa ankatsogola nawo kutchire, kudikira kuti amange mitolo, n'kubwerera nawo kumsasa. Amayiwo sankauza msilikali wamwamuna zimene zawachitikira, koma ankauza a Jenipher, nthawi zina ndi manja okha chifukwa chilankhulo chinali chovuta. Ndi amayiwo amene ankadziwa chigwa choopsa ndi mbali imene anthu a mfuti amatulukira.

"Ndiye tsiku lokambirana za mtendere likafika," amatero a Sajeni, akusenda anyezi ngati wawalakwira, "mutenti muja mumadzaza amuna okhaokha. A mbali iyi, a mbali iyo, ndi alendo a masuti. Amayi aja ali panja, akugulitsa tiyi. Ine ndinafunsapo kuti bwanji osalowetsa ngakhale mmodzi yekha anene zimene akuona. Anandiyamikira kwambiri chifukwa cha funsolo, Shifa. Kuyamikira kokhakokha."

Atapuma ntchito anabwerera kumudzi n'kuyamba anyezi, koma nkhaniyo sanaisiye ku Sudan. Amaikamba kutchalitchi kwawo, amaikamba kumaliro, amaikamba mu minibasi kwa munthu amene wangowapempha kuti asendere. Chaka china bungwe lina linawaitanira ku Lilongwe kukalankhula pa tsiku la amayi. Anakonzeka ngati mkwatibwi, ndipo chitenje chimene anavala ndinawasankhira ndine. Ananena kuti dziko lililonse limene likufuna kuthetsa nkhondo liyambe lafunsa akazi, chifukwa nkhondo imadutsa pathupi pawo isanafike pawailesi. Anthu anaomba m'manja, anawapatsa tisheti ndi botolo la madzi, n'kuwakweza galimoto yobwerera. Tishetiyo masiku ano amapukutira tebulo. Ine ndinkawaseka kuti, "A Sajeni, nkhondo ili ku Sudan, kuno gulitsani anyezi." Iwo ankangondiyang'ana ndi diso lawo lija.

Mudzi wawo uli ndi madimba m'dambo, ndipo kuti ukafike kumadimbako umawoloka kamtsinje n'kudutsa m'mphepete mwa mudzi wa kutsidya. Midzi iwiriyi ndi yokwatirana, yoikirana maliro. Chilimwe chathacho ng'ombe za kutsidya zinalowa m'dimba la munthu n'kudya chimanga chofika m'chiuno. Mwini dimba, m'malo mokasuma, anatema ng'ombe imodzi mwendo. A kutsidya anakagwetsa khola la mbuzi. A kuno anakatentha chigafa cha fodya. Pasanapite nthawi amuna a midzi yonse iwiri anayamba kuyenda ndi zikwanje ngakhale popita kokameta tsitsi. Koma amene ankayenda njira ya kudimba m'mawa uliwonse, atanyamula makeni othirira, sanali amunawo.

Pa amayi oyenda njirayo panali Lily, mwana wa mng'ono wawo wa a Jenipher. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi a Sajeni. Ali ndi mwana mmodzi, mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo chimene chimawadyetsa ndi dimba la tomato ndi mpiru. M'mawa wina Lily anakumana pakamtsinje paja ndi Patson, mwamuna wa kutsidya amene chigafa chake chinapsa. Lily sanatenthepo chigafa cha munthu. Patson anamumenya ndi mpini mpaka kumuthyola dzanja, anamung'ambira zovala, ndipo zikanafika poipa pakanapanda amayi ena amene anatulukira akukuwa.

A Jenipher anafuna kuti nkhaniyo ipite kupolisi tsiku lomwelo. Amene anawagwira mwendo ndi mlongo wawo, a Efulemu, amalume ake a Lily. Ndi bambo wofatsa, mkulu wa mpingo, amene amadana ndi phokoso kuposa mmene amadanira ndi tchimo. Anati Patson akamangidwa, a kutsidya abwezera pa munthu wina, ndipo magazi akhetsedwa. Analonjeza kuti nkhani ya Lily ikambidwa pabwalo, anthu onse akumva, ndipo Patson aimirira n'kuvomera. Lily, poona amalume ake akuchonderera chotero, anati zikhale choncho. A Sajeni analola monyinyirika.

Dzanja anamumanga kuchipatala ndipo linayamba kupola. Chimene chinakana kupola ndi miyendo. Lily akafika pamene pamaonekera kamtsinje, thupi lonse linkanjenjemera, n'kubwerera kunyumba keni ili youma. Anzake ankamuthiririrako akamaliza zawo, koma nawonso ankapita mwakabisira ndiponso mothamanga. Tomato anayamba kufota.

Kenaka bungwe lina la m'tauni linamva za mkanganowo. Linabwera ndi galimoto yoyera n'kukhazikitsa komiti ya mtendere. Munali mafumu, akulu a mipingo ndi eni ng'ombe, ndipo wapampando anali a Efulemu. Mkazi munalibe. A Jenipher atamva anasiya anyezi m'manja mwanga n'kukwera kabaza. Zimene anakambirana ndi mlongo wawo anandifotokozera mawa lake, akutsanzira ndi mawu omwe.

"Achimwene, mu komiti yanuyi mkazi ndani?"

"Ee, achemwali, mwayambapo za ku Sudan zija?"

"Ndikufunsa za Lily. Amene amayenda njira ija ndi akazi. Amene akudziwa pamene pamabisala anthu ndi akazi. Mukakambirana bwanji za njira imene simuyenda?"

"Nkhani ya Lily ndi yovuta, achemwali. Tikaitulutsa pagulu, pamaso pa alendo, a kutsidya achita manyazi, akwiya, zonse zibwerera pambuyo. Tithane kaye ndi zazikulu."

"Zazikulu ndi ziti?"

"Ng'ombe, chigafa, ndi kodyera ziweto."

"Mwendo wa ng'ombe ndi waukulu kuposa dzanja la mwana wa mlongo wanu?"

A Efulemu anapukuta nkhope, n'kunena kuti komiti yawaganizira kale achemwali awo, ndipo yawapatsa udindo waukulu. Tsiku loyanjanitsa midziyo atsogolere amayi pophika, ndipo pomaliza atsogolerenso nthungululu.

Ine nditamva zimenezi ndinati basi, pamudzi paja pafa munthu. Mayi amene anaima pakati pa mfuti m'dziko la eni, apatsidwe mthiko ndi lilime? Koma a Sajeni anangoti, "Ndavomera." Ndinawayang'ana kuti mwina akudwala.

Ife a m'misika zina za kumudzi timazimvera kutali, choncho anachita kundifotokozera. Kumidzi imeneyo nkhani yaikulu ikagamulidwa pabwalo, amuna amagwirana chanza, koma chimene chimaitseka ndi nthungululu za amayi. Amayi akalulutira ndiye kuti mudzi wonse wavomera, ndipo amene adzaidzutsenso nkhaniyo ndi amene amakhala wolakwa. Kungoti amuna sanaganizepo kuti nthungululu ndi yankho limene munthu akhoza kukana kupereka. Amaziona ngati mvula, imene imangogwa nyengo yake ikakwana.

A Jenipher anayamba kuyenda. Analankhula ndi amayi pamjigo, pachigayo, ndi pobwera kutchalitchi. Sanawauze zoti achite chipolowe. Ankangowafunsa kuti, "Mukalulutira dzina la Lily lisanatchulidwe, mawa akamenyedwa mwana wanu mudzakasuma kuti?" Amayi a kwawo anamva. Vuto linali a kutsidya, chifukwa nthungululu za mbali imodzi zikanakwanira kuti amuna anene kuti zatha.

Mayi ake a Patson, a Esitere, amabwera ku Mitundu tsiku la msika kudzagulitsa nyemba. A Sajeni anawaitanira pambali, pafupi ndi zitenje zanga, ndipo ine makutu sindinatseke.

"Mayi, sindikufuna mwana wanu amangidwe. Ndikufuna aime pabwalo anene chimene anachita, ndipo anthu onse alonjeze kuti mkazi sakhudzidwanso panjira ija."

"Inu simunabereke mwana wamwamuna," anatero a Esitere, maso ali gwa. "Fodya wake yense wa chaka anapsera m'chigafa. Munamuona mmene analirira? Amene anatentha aja mwawaimika pabwalo?"

"Aimirira. Chigafa amuna achikamba kale. Dzanja la Lily palibe walikamba. Nanga ana anu aakazi popita kuchigayo amadutsa kuti, si kwathu? Ine sindikufuna wa kwathu adzawachite zomwezo."

A Esitere anamanga thumba lawo la nyemba n'kuchoka osatsanzika. Ndinawauza a Sajeni kuti pamenepo ataya mawu pachabe.

Tsiku loyanjanitsa ndinatseka bizinesi n'kupita nawo. Pabwalo anamangapo tenti, ndipo pansi pa tentiyo panali mipando ya pulasitiki ya amuna. Amayi tinakhala pansi padzuwa, miyendo tambalale, a kuno mbali iyi, a kutsidya mbali iyo. Ena anali kuseri akulimbana ndi miphika ya mbuzi. Zokuzira mawu anabwereka kwa bambo wina wa ku Nathenje amene amasangalatsa anthu pamaukwati. Nditayang'ana bwino mutenti muja ndinaona Patson, ali pampando, malaya osita bwino. Anamuika pamenepo ngati munthu wolakwiridwa, poti chigafa chake chinapsa. Lily anali pansi pafupi ndi ine, atafunda chitenje padzanja.

Mlendo wa bungwe lija analankhula bwino kwabasi. Anati dziko lonse lapansi linagwirizana kale kuti amayi ndi mizati ya mtendere, ndipo popanda amayi palibe chimene chingalimbe. Ankanena zimenezi ali mumthunzi, mizatiyo ikupsa ndi dzuwa. Ndinatsina a Sajeni, iwo osagwedezeka.

Kenaka a Efulemu analengeza zimene komiti yagwirizana. Wotema ng'ombe apereka mbuzi. Ogwetsa khola alimanganso. Otentha chigafa amangira Patson china. Ng'ombe zizidyera kumtunda mpaka madimba akololedwe. Ndinadikira dzina la Lily, ndinadikira mawu akuti njira, koma bamboyo anapinda manja n'kuthokoza Mulungu. Mafumu anadzuka n'kugwirana chanza, wojambula anaima chokonzeka, ndipo a Efulemu anatembenukira kwa ife akumwetulira.

"Amayi!"

Bwalo lonse linangoti zii. Kumbali ya kutsidya mayi wina anayamba kanthungululu kake, koma ataona a Esitere ali duu, milomo ili yotseka, maso ali pansi, anakameza. Khanda lina linalira, mayi ake n'kulipatsa bere. Mafumu anakhalabe atagwirana manja, osadziwa ngati asiyane kapena ayi.

"Amayi, kodi simunamve? Nkhani yatha."

A Jenipher anadzuka. Anthu ankayembekeza kuti akalipa ngati ali paperete, koma anayenda mpaka pafupi ndi tenti, anagwada ndi majombo awo omwewo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Mafumu athu, pepani. Sitikunyoza. Pali mwana wanu pano amene anathyoledwa dzanja panjira ya kudimba, ndipo mpaka lero sangathe kuwoloka kamtsinje. Tinalonjezedwa kuti amveka pabwalo lino. Amveke kaye, wom'menya avomere, mutiuze kuti njira ija tiziyenda bwanji. Mukatero tilulutira mpaka mutiletse."

Lily anaimirira, n'kuchotsa chitenje padzanja. Ndinaona mfumu imodzi ikutembenuka kuyang'ana Patson, ndipo Patson anagwetsa nkhope. Mtima wanga unati lero zatheka. Koma mlendo uja anayang'ana wotchi, n'kunong'oneza a Efulemu, mwina zoti galimoto ikudikira. A Efulemu thukuta linali kamukamu. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mafumu a kutsidya amene nkhope zinali zitayamba kuuma, n'kuyang'ana kumwamba ngati yankho lili pa tenti.

Pamenepo ndi pamene bambo wa zokuzira mawu uja anaganiza zothandiza. Iye pamaukwati, anthu akachita ulesi, ali ndi nthungululu zojambula kale zimene amaika kuti mwambo usazizire. Anadina foni yake. Nthungululu zinatuluka m'masipika aja mwamphamvu, za akazi ambirimbiri amene sitikuwadziwa, amene mwina ankasangalalira keke.

Amuna anaseka chikhakhali ngati anthu amene atulidwa katundu. Anaomba m'manja, wojambula anajambula, ndipo a Efulemu mwachangu ananena kuti mwambo wafika pamapeto, tonse tidye. Lily anali chiimire pakati pa bwalo. A Jenipher anali chigwadire.

Ine ndinapsa mtima moti ndinkamva kutentha m'makutu. Ndinafuna kukagwetsa masipika aja, ndipo anandigwira ndi amayi awiri. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mutenti muja munalibe munthu wankhanza kwenikweni. Onse ankafuna mtendere, onse ankafuna kudya mbuzi n'kupita kwawo. Anangoona kuti dzanja la mtsikana likuchedwetsa zinthu. A Sajeni anadzuka, anasasa fumbi m'maondo, anamufunditsa Lily chitenje chake n'kumutenga kupita naye kunyumba. Nyama sanalawe, ndipo tsiku lonselo sanatchule Sudan ngakhale kamodzi.

Ndinagona komweko. Kutacha ndinawapeza akumanga zingwe za majombo pakhonde. Anatenga keni, n'kuitana.

"Lily, tiye."

"Amayi, sindingathe."

"Ine ndili patsogolo. Iwe uziyang'ana zidendene zanga basi."

Tinanyamuka, ndipo amayi ena atationa anatenga makeni awo n'kutsatira. Titafika pamene pamaonekera kamtsinje, Lily anaima. Nanenso ndinaima, chifukwa kutsidyako kunali anthu. Anali amayi a mudzi uja, atanyamula makasu, ndipo patsogolo pawo panali a Esitere. Palibe anapereka moni. A Sajeni anapitirira mpaka madzi anafika m'majombo.

"Wolokani," anatero a Esitere. "Ife titsogola mpaka kudimba, ndipo pobwerera mutipeza pompano." Anayang'ana Lily, n'kuyang'ana dzanja lija nthawi yaitali. "Wanga uja ndalankhula naye, mwanangu. Sanandiyankhe. Koma pamene ndaponda ine, iye sangapondepo ndi mpini."

Lily anawoloka atagwira nsonga ya chitenje cha a Jenipher. Kudimba tinapeza tomato wambiri atauma, koma mizere ya kufupi ndi chitsime inali yamoyo. Anatunga ndi dzanja lamanzere, madzi akutayikira m'miyendo, n'kuyamba kuthirira uku akulira.

Mpaka lero zimachitika choncho. M'mawa uliwonse a Sajeni amatsogola ndi amayi a kwawo, a Esitere amawalandira patsidya, ndipo kumsika amafika dzuwa litakwera, anyezi wawo nditamuyang'anira ine. Patson sanaimepo pabwalo. Chigafa chake chatsopano anam'mangira, ndipo fodya ali m'menemo. Chithunzi cha mafumu akugwirana chanza chili pakhoma kwa a Efulemu, ndipo anthu akamanena za midzi ija amati komiti inagwira ntchito yotamandika. A Jenipher akamva zimenezi amangoti anawoloka mayiko kukaperekeza akazi a eni, osadziwa kuti akuphunzira kudzaperekeza mwana wawo yemwe.

Tsiku lina atafika mochedwa, majombo ali matope okhaokha, ndinawafunsa kuti, "A Sajeni, mwakalamba inu. Kuperekezaku mudzasiya liti?"

Anakhala pansi, n'kuyamba kumasula zingwe pang'onopang'ono.

"Tsiku limene Lily adzawoloke yekha, Shifa, nthungululu yanga udzaimva uli konkuno ku Mitundu."

Ndimatchera khutu m'mawa uliwonse. Sindinaimvebe.